Bowo la chogwirira cha cork cha ndodo yowedzera lachepa, blank sikulowa: ndilikuze bwanji osaswa?

Funso ili lachokera kwa achimwene ena a ku Zomba, ndalidulako pang'ono koma mfundo zake ndi zimenezi:

"Akulu, ndakhala ndikuwedza ndi ndodo zogula, ndiye chaka chino ndati ndiyese kumanga yanga. Mlamu wanga wa ku Joni wanditumizira blank (ndodo yeniyeniyo isanavekedwe kanthu) ya graphite ya mafiti 7 yolumikiza pawiri, timphete todutsamo chingwe, reel seat (pokhala chokulungira chingwe) ndi zogwirira ziwiri za cork (khungwa lopepuka la mtengo), chachitali cha kumbuyo ndi kakafupi ka kutsogolo. Vuto ndi loti bowo la cork ndi laling'ono kwambiri, ndikalowetsa chimangoyenda pang'ono n'kuima, pomwe chikufunika kukafika kutsinde komwe blank ndi yonenepa pafupifupi mamilimita 13. Kodi anandigulira saizi yolakwika? Mnzanga wina akuti tingoboola ndi drill, wina akuti tiotche chitsulo tipyoze. Cork yake ndi yomweyi basi, ikasweka ndiye kudikiranso miyezi. Nditani?"

Achimwene, mtima m'malo, mlamu wanu sanalakwitse chilichonse ndipo musamuimbire foni yodandaula. Zogwirira za cork pafupifupi zonse zimabwera choncho dala. Opanga sadziwa kuti inu muyika pa blank yanji, ndiye amangoboola kabowo kakang'ono, kawirikawiri kota ya inchi yomwe ndi mamilimita 6 ndi kanthu, zina 3/8 ya inchi, n'kusiyira womanga ndodoyo kuti akuze yekha molingana ndi blank yake. Aliyense womanga ndodo amaigwira ntchito imeneyi, pa ndodo iliyonse, ndipo siifuna makina. Imafuna kudekha, madzulo amodzi, ndi chida chimodzi chomwe mutha kudzipangira nokha pakhonde. Koma anzanu awiri aja muwathokoze bwinobwino kenako musatsate za aliyense.

Chinthu choti mugwire musanakhudze chida chilichonse ndi ichi: blank yanu siyofanana kunenepa. Kutsinde ndi yonenepa, ikamapita kunsonga ikumka niwonda, ndipo ngakhale pa kachigawo kokhala chogwirira chakumbuyoko kusiyana kulipo. Mwati kutsinde ndi 13, mukayeza pomwe chogwiriracho chikathere kutsogolo mupeza mwina 12, mwina 11 ndi theka, zimatengera blank yake. Ndiye bowo lomwe tikufuna si bowo lalikulu chabe ayi, ndi bowo losongoka, lotambalala kumbuyo n'kumachepa chakutsogolo mofanana ndi blank, kuti cork igwire blank paliponse kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo. Zonse zomwe ndinene m'munsimu zikuchokera pamenepa.

N'chifukwa chake drill yokhala ndi biti wamba wobowolera chitsulo kapena matabwa siyithandiza. Poyamba imaboola bowo lofanana kukula, mukasankha biti wa 13 kumbuyo kukwana koma kutsogolo kukhwepa, mukasankha wa 12 ndiye kumbuyo sikulowa. Koma vuto lalikulu ndi khalidwe la cork yeniyeniyo. Cork si thabwa, ndi khungwa la mtengo lodzaza ndi timatumba ta mpweya tosaoneka ndi maso, ndiye biti akamalowa cork siidulika, imafinyika kaye kenako n'kung'ambika zidutswazidutswa. Biti uja amagwira, n'kudzikoka yekha kulowa mkati, ndipo musanachotse chala pa batani chogwirira chang'aluka kale kapena chazungulira m'manja n'kukupsetsani chikhatho. Komanso chogwirira chachitali chija si cork imodzi, ndi mphete zingapo za theka la inchi zomatidwa pamodzi, tayang'anitsitsani muona mizere yake, ndipo biti akapatuka pang'ono mkatimo amakatulukira m'mbali inu osadziwa.

Za chitsulo chamoto ndikumvetsa komwe mnzanuyo wazitenga, ndi mmene timabowolera mpini wa khasu ndipo pa mpini zimayenda. Pa cork ayi. Moto umasiya makala mkati mwa bowo, ndiye guluu akadzagwira adzagwira makalawo osati cork, tsiku lina nsomba ikukoka chogwirira chidzangoyamba kuzungulira. Kutentha komweko kumafewetsanso guluu wolumikiza mphete zija, ndipo simungalamule kuti bowo likule mpaka pati. Chisiyeni.

Pang'ono za mtengo wake, kuti mudziwe chifukwa chomwe ndikuumirira kusamala. Cork imachokera ku mtengo wotchedwa cork oak, ndipo pafupifupi theka la cork ya padziko lonse limachokera ku Portugal, makamaka chigawo cha Alentejo, ina ku Spain ndi kumpoto kwa Africa. Mtengowo amayamba kuusenda uli ndi zaka pafupifupi 25, kenako kudikira zaka 9 kuti asendenso, ndipo khungwa loyambalo ndi lokhakhala losathandiza pa ntchito ngati yathuyi. Yabwino kwambiri imalimbirananso ndi opanga zotsekera mabotolo a vinyo. Ndiye yomwe imafika kwa ife, makamaka yotchipirako, imakhala ndi timaenje ndi timing'alu tambiri tomwe opanga anangotimata ndi phala kuti tisaoneke. Timaenje timeneto ndi pomwe chogwirira chimayambira kusweka mukachikakamiza.

Tiyambe ndi kuyeza. Ikani blank patebulo, muyale zonse mmene zidzakhalire, chogwirira chakumbuyo, reel seat, kakutsogolo, kenako mulembe pa blank pomwe chilichonse chikuyambira ndi kuthera. Lembani pa ka masking tepi komata, osakanda ndi mpeni kapena msomali. Yezani kunenepa kwa blank pa malo onse olembedwawo. Ngati muli ndi caliper, chida choyezera kunenepa kwa zinthu, zili bwino, ngati mulibe tengani shifitingi sipanala, muitseke pang'onopang'ono mpaka ingokhudza blank osafinya, ndipo kukamwa kwakeko ndiye muyezo wanu, mutha kuuyika pa rula kapena kupita nawo pa chida chokuzira chija mmene ndifotokozere. Muyezenso kunja kwa chogwirira mbali yakutsogolo komwe n'koonda. Nambala imeneyi anthu ambiri sailabadira koma ndi yomwe imakuuzani kuti cork itsala yochindikala bwanji mukamaliza.

Chida choyamba ndi tupa lozungulira, lija loonda losongoka lopalira chitsulo, limapezeka mu hardware iliyonse ngakhale pamsika. Ntchito yake ndi kutsegula njira basi, kuchoka pa 6 kufika mwina 8 kapena 9. Lilowetseni chakumbuyo, muzipala mukuzungulitsa chogwirira m'dzanja linalo. Chenjezo limodzi: mano a tupa lozungulira anapendekeka, mukalipotoza kumanja limadzilowetsa lokha ngati sikuluu, likathina mkatimo ndiye laswa cork. Muzilipotoza chakumanzere, ndipo ngati mwaliyika pa drill, drill ikhale pa reverse. Tupa lokha mutha kumalizira nalo ntchito yonse, ena amatero, koma n'lalifupi ndipo kusongoka kwake sikufanana ndi kwa blank, zotsatira zake bowo limakula kukamwa mbali zonse ziwiri pakati pali pothina, chogwirira n'kumagwedera ngakhale chikuoneka kuti chalowa molimba.

Chida chenicheni ndi reamer. Ndi kandodo kosongoka kokulungidwa sandipepa wokhakhala. Zogula zilipo, a Flex Coat a ku Texas amapanga, a Mud Hole a ku Florida amagulitsanso zawo m'maseti a masaizi angapo, ndipo mlamu wanu atafufuza m'mashopu a zowedzera ku Joni mwina angapeze. Koma pa ndodo imodzi sindikuona chifukwa chowonongera ndalama, popeza reamer yabwino kwambiri imapangidwa ndi ndodo yowedzera yothyoka, ndipo munthu amene wakhala akuwedza ndi ndodo zogula sangasowe yothyoka kuseri kwa chitseko, mukasowa funsani anzanu aja. Ubwino wake ndi woti inasongoka kale mofanana ndi mmene ma blank amasongokera.

Kapangidwe kake ndi aka. Chotsani timphete ndi ulusi wonse pa chidutswa chothyokacho, mudule chotalika masentimita 45 kapena 50, ya fibreglass ndi yabwino kuposa ya graphite chifukwa ndi yolimba m'mbali. Podula kulungani tepi pamalopo kaye, mugwiritse hakiso ya mano aang'ono, apo ayi imayalika ngati tsache. Sankhani chigawo choti chikavala sandipepa, kunsonga kwake kulowe mu bowo lomwe mwatsegula ndi tupa lija, ndipo chakutsinde kupitirire pang'ono 13 wanu uja. Kumbukirani kuti sandipepa amawonjezera kunenepa, mwina milimita imodzi ndi theka kapena awiri, ndiye ndodo yosavala ikhale yoonda kuposa blank yanu. Chidutswa chimodzi chikapanda kukwanitsa mtunda wonsewo pangani ziwiri, yaing'ono ndi yaikulu, n'zomwe ambiri timachita.

Sandipepa akhale wa nsalu kumbuyo, osati wa pepala, wa pepala amang'ambika musanafike patali. Lamba wakale wa makina opalira matabwa ndi wabwino kwambiri, akalipentala amataya. Nambala 60 kapena 80, wosalala kuposa pamenepo amangodzaza fumbi n'kumapukuta m'malo mopala. Ng'ambani kachingwe kotambalala sentimita imodzi, pakani guluu wa contact pa ndodo ndi kumbuyo kwa sandipepa, dikirani aume mpaka asamamatirire chala, kenako kulungani mopendekeka kuchoka kutsinde kupita kunsonga mukusiya mpata wa mamilimita 4 kapena 5 pakati pa mizere. Mpata umenewu ndi ngalande yotulukira fumbi, musauphimbe. Mizere isakwerane. Mathero onse awiri mumange ndi ulusi n'kudonthezapo guluu chifukwa ndi pomwe pamayambira kumatuka. Isiyeni igone usiku umodzi. Ena m'malo mwa sandipepa amapaka epoxy, guluu wolimba wa machubu awiri osakaniza, n'kuwaza mchenga wakuthwa, imapala bwino ndithu koma mchengawo umathothoka n'kutsalira mkati mwa cork, ine sindiikonda.

Reamer ikauma tengani shifitingi ija, muitchere pa muyezo wa kutsinde kwa blank, muyendetse pa reamer mpaka pomwe yathina, pamenepo matanipo tepi. Mzere umenewo ndi malire, kukamwa kwakumbuyo kwa chogwirira kusadutse pamenepo, ndipo kunena zoona muyambe kuyesa pa blank mukadali kutali nawo.

Musanayambe kupala kulungani masking tepi kawiri katatu kumathero onse awiri a chogwirira, molimbako. Imathandiza kuti milomo isanyotsoke, komanso ngati manja anu ali ndi thukuta kapena oilo, kulungani chogwirira chonse chifukwa cork yatsopano imada msanga.

Tsopano kupala. Reamer imalowera kumbuyo nthawi zonse, mbali yomwe idzayang'ana kutsinde, ndipo ngati chogwirira chanu chikuoneka chofanana mbali zonse lembani chizindikiro pa tepi kuti musasokoneze. Lowetsani mpaka ingogwira, mupotoze mukukankha pang'ono, mubweze, mugwedeze fumbi, mulowetsenso. Musaikanikize kuti ilowe mwamphamvu, ikathina ndiye kuti yasiya kupala yayamba kutambasula cork, ndipo cork ikatambasuka kupitirira mphamvu yake imang'aluka motsata timaenje tija. Dzanja logwira chogwirira lisafinye kwambiri, chifukwa pomwe mwafinyapo cork imalowa mkati n'kupalika kwambiri kuposa pena. Ndipo chofunika kuposa zonse, muzisintha kagwiridwe: mukapala kangapo zungulitsani chogwirira kota, mupalenso, zungulitsaninso. Munthu aliyense dzanja lake limapendekera mbali imodzi osadziwa, mukapanda kuzungulitsa bowo limasamuka pakati, ndipo mudzazindikira mutamata kale, chogwirira chitakhala mokhota pa reel seat, mbali ina chatuluka mbali ina chalowa. Ndodo iwedza ndithu koma diso lanu lizidzangopita pomwepo nthawi zonse. Ndiye pakapita kanthawi muziyang'ana kukamwa konse kuwiri, ngati mbali ina ya khoma yayamba kuonda, pendekerani ku mbali yochindikalayo mpaka zifanane.

Kuyesa ndi pafupipafupi, ndipo kuyesa kulikonse kuyambe ndi kuchotsa fumbi. Gogodani chogwirira pachikhatho, uzirani mkati mutatembenuza nkhope, pyozani kansalu ndi waya ngati mungathe. Sikuti ndi ukhondo chabe. Kamchenga kamodzi kothothoka pa sandipepa kakatsalira mkatimo, mukamatsetsereka chogwirira kuchoka kumwamba mpaka kutsinde kamakanda blank mzere wautali, ndipo pa graphite mzere wozama si nkhani ya maonekedwe, ndi pomwe ndodo idzathyokere. Lowetsani chogwirira kuchokera mbali yoonda ya chigawo chakutsinde, mbali yakumbuyo ya chogwirira ikhale patsogolo, mutsitse modekha mpaka chiime chokha. Onani kuti chatsala mtunda wanji kufika pa chizindikiro, mubwerere ku reamer. Poyamba muona ngati sichikusuntha, kenako chakumapeto kupala pang'ono kokha chimalumpha masentimita angapo, apa ndi pomwe anthu amapitirira muyezo, chifukwa blank imasongoka pang'onopang'ono kwambiri moti theka la milimita mkati mwa bowo ndi mtunda wautali pa blank.

Chikaima musangoona mtunda wokha, chigwedezeni. Gwirani blank, muyese kusuntha kumbuyo kwa chogwirira uku ndi uku, kenako kutsogolo. Kukagwedera kumbuyo kutsogolo kuli gwa, ndiye kuti reamer yanu ndi yosongoka kwambiri kuposa blank, siyani kuikankha mozama, tengani yaing'ono kapena tupa mupale chakutsogolo ndi pakati pokha. Kukagwedera kutsogolo kumbuyo kutathina, palani kukamwa kwakumbuyo kokha. Kukagwedera konse kuwiri, pothina pali pakati. Reamer yofanana ndendende ndi blank siipezeka kawirikawiri, ngakhale yogula, ndiye kukonza kotereku ndi gawo la ntchito, sikuti mwalakwitsa.

Muime pati? Ine ndimaima chogwirira chikamafika chokha, popanda kukakamiza, pa mtunda wa chala chimodzi kapena ziwiri chisanafike pamalo pake. Epoxy akakhala wamadzi amaterera, kotsalako kadzalowa ndi kukankha pang'ono. Koma chala chimodzi kapena ziwiri, osati chikhatho. Cork siitambasuka ngati EVA, thovu lakuda lija la pa ndodo zambiri zogula, lomwe mutha kulisiya lothina n'kulikankha litapakidwa guluu. Cork mukaisiya yothina kwambiri idzasweka guluu ali kale pa blank, nthawi yoipitsitsa.

Za drill ndibwerezeko, chifukwa ndikudziwa kuti mukapala mphindi makumi awiri mkono uyamba kukuuzani za drill. Reamer itha kuikidwa pa drill, koma musamange ndodo ya mphako mu chaki, kukamwa kwa drill kogwira biti kuja, iphwanyika, matani kaye bawuti kapena kachitsulo mkati mwa tsinde lake ndi epoxy kuti chaki igwire chitsulocho. Liwiro likhale lochepa, mulowetse n'kutulutsa, osaisiya malo amodzi, ndipo izungulire mbali yomwe siikumatula sandipepa komanso siikudzikokera mkati. Ikatentha imani, kutentha kumasungunula guluu wa contact ndipo sandipepa amavukira mkati mwa chogwirira n'kuunjikana, kumutulutsa kwake ndi ntchito ina. Drill ndi yochotsera zambiri zoyambirira, milimita yomaliza ndi ya manja. Palinso biti wina wa Flex Coat wopangidwira cork, wodula chobwerera: mumapyoza mwendo wake mu bowo kaye, kumanga pa drill, n'kumakoka m'malo mokankha, ndipo kachubu kotsogolera kamamusunga pakati. Amagwira ntchito bwino pa ma blank onenepa, koma bowo lake ndi losasongoka, ndiye amafunika wocheperapo kuposa muyezo wakutsogolo kenako kumalizitsa ndi reamer. Pa 13 wanuyu simukumufuna.

Nanga mukapitirira, chogwirira n'kumangodutsa pa chizindikiro chili khwepekhwepe? Si maliro. Ngati kukhwepako n'kochepa, kulungani ulusi wa thonje pa blank motalikanatalikana, epoxy adzaunyowetsa n'kukhala chinthu chimodzi. Ngati n'kokulirapo, pangani timikombero ta masking tepi pa blank, kalikonse kotambalala sentimita imodzi kapena iwiri, kusiya mpata wofanana nawo pakati, mukuyesa mpaka chogwirira chikhale bwino. Musakulunge tepi malo onse osasiya mipata, chifukwa pamenepo chomwe chagwira chogwirira chanu ndi guluu wa tepi, osati epoxy, ndipo madzi akalowa tepi imawola. Epoxy adzaze m'mipatamo ndi kuphimba m'mbali mwa timikombero tonse. Tepi ya ukonde ya fibreglass ija amamatira pa siling'i ndi yabwinonso kuposa, popeza guluu amalowa m'maso mwake. Chomwe simuyenera kuchita ndi kusiya mphako n'kumati guluu wakumathero agwira. Chogwirira cha mphako chimalira mukamaponya, chimabonyoka pansi pa chala chachikulu, kenako chimasweka pomwepo.

Chikang'aluka mukupala, imani pomwepo osayesa kumaliza. Tsegulani mng'aluwo pang'ono, lowetsani guluu wa matabwa wosalowa madzi kapena epoxy ndi kamtengo kotokosera m'mano, mumange ndi malegeni molimba bwino koma osafinya mpaka kuphwanya bowo, pukutani wotuluka, chigone mpaka mawa. Chikadzamatidwa pa blank mng'aluwo sudzayendanso. Mphete ikamatuka pa inzake ndi chimodzimodzi, koma muzimate zili pa kandodo kokulungidwa pulasitiki kuti ziwongoke. Ndipo fumbi la cork lomwe mukupalalo musataye lonse, sungani m'kabotolo, mukasakaniza ndi guluu wa matabwa ndi phala labwino lotsekera timaenje ndi milomo yonyotsoka.

Kakutsogolo kaja ndi komwe ndikukuopera kwambiri kuposa chachitali. N'kakafupi, kogwira movuta, ndipo kunsonga kwake n'koonda. Chotsani kunenepa kwa blank pa muyezo wakunja uja munatenga, mugawe pawiri, ndiye khoma lomwe litsale. Likamachepera mamilimita 3 samalani zedi, palani ndi manja okha, tepi ili pomwepo. Likamafika 2 kapena kuchepera, ndi bwino kudulako kansonga ndi lezala lakuthwa kuti muyambire pochindikala. Kampata kakang'ono kotsala pakamwa pake kasakuvutitseni, kamabisika ndi kamphete kotchedwa winding check kapena ulusi womangira. Reel seat yokha simuipala, bowo lake limakhala lalikulu kale, imakhala pa timikombero ngati tomwe ndafotokoza tija.

Pali njira ina yomwe wina adzakuuzani, yoti m'malo mokuza bowo mungopala blank kuti ionde. Musayerekeze. Khoma la blank ya graphite ndi lopyapyala, mphamvu yake ili mu ulusi woyenda m'litali, mukaudula mwaipha. Chomwe timachita pa blank ndi kungochotsa kunyezimira pomwe padzakhale guluu, ndi sandipepa wosalala kwambiri kapena kasiponji ka Scotch-Brite, mopepuka, mukaona fumbi lakuda ndiye mwafika pa graphite, siyani. Komanso osapaka sopo, Vaseline kapena mafuta kuti chilowe, guluu sadzagwiranso. Osamenya ndi hamala. Osaviika cork m'madzi kuti ifewe.

Pomata, pukutani blank ndi sipiriti kaye iume, kenako muchotse kunyezimira kuja, mupukute fumbi ndi nsalu youma yoyera. Guluu akhale epoxy wa machubu awiri wouma mochedwa, ngati Araldite wa standard, kapena Rod Bond wa U-40 yemwe ndi wa phala ndipo sayenderera. Wa mphindi 5 uja musiyeni, amagwira chogwirira chili pakati pa ulendo ndipo pamenepo palibenso chochita koma kuchisenda ndi mpeni. Pakani pa blank kuyambira pamwamba pang'ono pa malo ake, mutsitse chogwirira mukuchipotoza kuti guluu afalikire mkati monse, wosefukira mupukute ndi sipiriti asanaume. Chakumbuyo choyamba, reel seat, kenako kakutsogolo, ndipo timphete ta chingwe timangidwe pambuyo pa zonsezi. Anthu ena chimwemwe chimawapitirira, amayamba kumanga timphete kenako chogwirira chilibe polowera.

Zimenezi zikundikumbutsa amene akufuna kusintha chogwirira pa ndodo yakale yomwe ili kale ndi timphete. Pamenepo mwina muchotse timphete ta chigawo chakutsinde, kapena mulowetsere kumbuyo, kutanthauza kuti bowo lonse likule mpaka kudutsa ponenepa kwambiri pa blank, kenako kutsogolo mukweze ndi timikombero kuti pafanane. Apa ndi pokhapo pomwe bowo losasongoka lili ndi ntchito. Ndipo amene amagula mphete za cork zosamata, zija za inchi imodzi ndi kota m'mimba mwake, ntchito yokuza imapepuka chifukwa mumakuza imodziimodzi molingana ndi malo ake pa blank, koma mumadzalipira pozisema kuti zikhale chogwirira, zomwe zimafuna chozungulitsira.

Fumbi musalipeputse. La cork pa chogwirira chimodzi silingakudwalitseni, ngakhale kuti ogwira ntchito m'mafakitale a cork ku Portugal ali ndi matenda awo a m'mapapo otchedwa suberosis, obwera ndi kupuma fumbi la cork ya nkhungu zaka zambiri. Loopsa pa ntchito yanuyi ndi la fibreglass ndi graphite podula ndodo yakale ija, limayabwa, ndipo tizitsotso take timalowa m'khungu ndi m'maso. Gwirirani panja, valani mask ndi magalasi. Kakalowa m'diso musatikite, tsukani ndi madzi ambiri, kakapanda kutuluka pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Epoxy nayenso ena amawatulutsa ziwengo m'manja, valani magolovesi.

Pomwe ndingati musapitirize nokha ndi apa. Ngati mwapeza mzere pa blank womwe chikhadabo chikukodwamo, makamaka kumtunda komwe ndodo imapindika, muonetse munthu womanga kapena kukonza ndodo musanamange timphete, kapena tumizani chithunzi kwa omwe anagulitsa blank kudzera kwa mlamu wanu. Ngati reel seat yanu ndi ya mtundu wolowa mkati mwa cork, yofuna kusemera kachipinda kumapeto kwa chogwirira monga zimakhalira pa ndodo zambiri za fly, zoponyera nyambo yopepuka yonga kachilombo, imeneyo ndi ntchito ina yofuna chida chake, ndi mpeni mudzangonyotsola. Ngati bowo lasamuka kwambiri moti khoma mbali ina latsala ngati pepala, kalipentala wa lathe, makina osemera mozungulitsa, atha kukuthandizani kulikuza mowongoka kuti mukweze ndi timikombero, bola mukhale pomwepo ndipo mumuuze kuti si thabwa, achepetse liwiro.

Pa muyezo mwanditumizirawu, kuchoka pa 6 uja kufika 13 wanu, tupa ndi ma reamer awiri opanga nokha zikwanira. Yambani ndi chachitali kuti dzanja lizolowere pomwe cork ndi yochindikala, kakutsogolo mumalizire. Mukamata musaipinde ndodoyo kufikira patadutsa maola 24, ndipo kukakhala kozizira ngati mmene Zomba imachitira mu June onjezani tsiku lina. Munditumizire muyezo wakunja wa kansonga ka kakutsogolo kaja ndi kunenepa kwa blank pamalo pake, ndikuuzani ngati kakufunika kudulako musanayambe kupala.